Maphunziro apamwamba a ukazembe ndi kayendetsedwe ka boma: kwathu ndi kwa anansi athu

Wophunzira wa ku Malawi akamaliza digiri yoyamba n'kufuna kupitiriza maphunziro a kayendetsedwe ka boma kapena a ubale wa pakati pa mayiko, kawirikawiri maso ake amathamangira ku Britain, komwe sikolashipu za Chevening ndi Commonwealth zimatenga anthu ochepa chabe pachaka, ndipo zikakanika kumeneko amayamba kufunsa za Johannesburg ndi Cape Town. Ndi owerengeka amene amaganizako za Lusaka, Dar es Salaam kapena Maputo, chonsecho m'mizinda imeneyi muli sukulu zimene zinamangidwira ntchito yosula akazembe ndi akuluakulu a boma.

Kwathu kuno mphamvu yathu yakhala ili pa kayendetsedwe ka boma. Nthambi yophunzitsa ndale ndi kayendetsedwe ka boma ku Zomba, pamalo amene ankadziwika kuti Chancellor College kufikira mu 2021, yasula ambiri mwa anthu amene akuyendetsa maunduna ndi makhonsolo lero, ndipo lamulo la mu 2022 linaphatikiza Malawi Institute of Management ya ku Kanengo ndi Staff Development Institute ya ku Mpemba kukhala Malawi School of Government. Wophunzirira kuno sasiya ntchito, amalipira fizi m'makwacha, ndipo kafukufuku wake amakhudza zinthu zimene akuziona ndi maso, monga mphamvu ku anthu, thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu kapena feteleza wotsika mtengo. Chiyambireni pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, nkhani yolipira m'makwacha si yaing'ono.

Ku South Africa kuli Wits School of Governance komanso Nelson Mandela School of Public Governance ya ku University of Cape Town, ndipo pangano la SADC pa maphunziro, limene linasainidwa mu Blantyre momwemuno mu 1997, limati ophunzira a m'chigawo chino azilipira fizi ngati eni dziko. Komabe wophunzira ayenera kuyamba wapereka masatifiketi ake ku bungwe la SAQA kuti liwaunike, ayenera kugula inshulansi ya chipatala asanapatsidwe chitupa chophunzirira, ndipo nthawi zina amauzidwa kuti achite kaye chaka china chowonjezera pa digiri yoyamba chotchedwa honours asanaloledwe kuyamba digiri yachiwiri.

Zambia ndi yosavuta kwa ife, pakuti basi yodutsa pa Mchinji imafika ku Lusaka tsiku lomwelo, m'kalasi amaphunzitsa m'Chingerezi, ndipo pamsika amayankhula Chinyanja. Sukulu yawo ya ogwira ntchito m'boma, NIPA, inayamba mu 1963 dziko lisanalandire n'komwe ufulu, ali ndi sukulu yakeyake ya ukazembe yotchedwa ZIDIS, ndipo ku Copperbelt University kuli malo ophunzitsa za mtendere ndi kuthetsa mikangano otchedwa dzina la Dag Hammarskjöld, mlembi wamkulu wa United Nations amene anafa pangozi ya ndege pafupi ndi Ndola mu 1961. Wofuna kuzama pa malonda a m'chigawo amakhalanso pafupi ndi likulu la COMESA.

Kusiyana kwakukulu kuli pa ukazembe, ndipo gwero lake ndi mbiri. Pamene boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linkakhazikitsa ubale ndi boma la tsankho la South Africa mu 1967, Tanzania ndi Zambia, kenako Mozambique italandira ufulu mu 1975, anali patsogolo polimbana ndi ulamuliro wa azungu kummwera kwa Africa, choncho ankasowa anthu ambiri odziwa kukambirana, kulemba mapangano ndi kukopa mavoti ku United Nations ndi ku OAU, bungwe la umodzi wa mayiko a mu Africa la nthawi imeneyo. Mu 1978 maboma a Tanzania ndi Mozambique anagwirizana zotsegula sukulu ya ukazembe ku Kurasini mu Dar es Salaam, imene lero imadziwika ndi dzina la Salim Ahmed Salim, mlembi wamkulu wa OAU kuyambira 1989 mpaka 2001. Mu 1986 Mozambique inatsegula yake, Instituto Superior de Relações Internacionais, yomwe pambuyo pake inaphatikizidwa ndi sukulu ya kayendetsedwe ka boma n'kupanga Universidade Joaquim Chissano. Ife m'zaka zimenezo sitinamange sukulu yotere, ndipo ndimaona kuti mpata umenewu umaonekera poyera tikakhala patebulo limodzi ndi anansi athu. Chitsanzo chake ndi mkangano wathu ndi Tanzania wa malire a panyanja ya Malawi, umene umazungulira pa pangano la Britain ndi Germany la mu 1890: amene tikutsutsana nawo ali ndi sukulu ya ukazembe ya zaka zoposa makumi anayi, ndipo amene anatsogolera umkhalapakati ndi Joaquim Chissano yemweyo, yemwe anakhala nduna ya Mozambique yoona za ubale ndi mayiko ena kwa zaka 11 asanakhale mtsogoleri wa dziko.

Chimene chimaopseza ambiri pa Maputo ndi Chipwitikizi, chifukwa maphunziro, mabuku ndi mayeso zonse zili m'chinenero chimenecho, ndipo munthu ayenera kupatula miyezi ingapo kuchiphunzira asanalowe m'kalasi. Kwa ine chopingachi ndicho chifukwa chenicheni chopitira kumeneko. Mafuta ndi feteleza wathu wambiri zimadzera ku madoko a Beira ndi Nacala, njanji yochokera ku Moatize imadula pakati pa dziko lathu, ndipo chingwe cha magetsi cholumikiza Matambo ku Tete ndi Phombeya ku Balaka chinafuna zaka zambiri za zokambirana. Abale athu a ku Angónia tikhoza kucheza nawo m'Chinyanja pa Tsangano kapena pa Lizulu popanda womasulira, koma malamulo a kasitomu, ziphaso za madoko ndi makalata a boma la Mozambique zimalembedwa m'Chipwitikizi, ndipo mkulu wa boma lathu amene sangathe kuziwerenga yekha amadikira kuti mnzake wa mbali inayo amuuze zimene zalembedwamo.