Chinanazi cha ku Mulanje ndi cha kwa anzathu: ndani amasankha mwezi wokolola?

Chinanazi chikamva kuzizira kwa June ndi July chimachita maluwa chokha, ndipo pakatha miyezi 5 kapena 6 chapsa. N'chifukwa chake December akafika, m'mbali mwa misewu ya ku Mulanje ndi Thyolo mumangoti mbwee milu ya zinanazi, aliyense akugulitsa nthawi imodzi, wogula n'kumadzitchulira yekha mtengo. Zotsala zimaolera pomwepo, ntchentche zili ng'waa.

Anzathu a ku Muxúnguè ku Mozambique ndi a ku Mwinilunga ku Zambia amalira kulira komweku: chinanazi chokoma, koma chambiri chimapsera pamodzi.

Ku South Africa, alimi a ku Hluhluwe ndi ku Bathurst sadikira chisanu. Mbewu ikakula mokwanira amaipopera ethephon, mankhwala amene akalowa m'mbewu amatulutsa mpweya wa ethylene, womwe umauza chinanazi kuti chileke kuphuka masamba chiyambe maluwa. Pakangotha milungu 6 mpaka 8, kamutu kofiira kamaonekera pamtima pa mbewu iliyonse m'mundamo. Mlimi amagawa munda wake m'zigawo, ichi apopere lero, icho mwezi wamawa, motero amakolola chaka chonse ndipo wogula amadziwiratu tsiku lobweretsa galimoto. Apa ndiye atiposa, osati pa nthaka kapena mvula, pakuti Mulanje sachepa pa ziwirizi.

Komatu mankhwalawa si feteleza. Amangofulumizitsa nthawi, sawonjezera chakudya. Ukapopera mbewu yaing'ono, ya masamba ochepa, imaberekadi, koma kachinanazi kake kongokwana m'dzanja. Dzuwa likaswa mtengo sagwiranso bwino, ndiye odziwa amapopera madzulo kapena m'mamawa. Kumwera kuja zimayenda chifukwa mlimi amayamba wadyetsa mbewu, amatsata muyezo wolembedwa pabotolo, ndipo msika amakhala ataupeza kale.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwathu kuno ndi mabotolo a mankhwala owoloka pa chipata cha Muloza kuchokera ku Mozambique, olembedwa Chipwitikizi chokhachokha, ena othiridwa m'timabotolo topanda dzina. Mlimi ayeza bwanji chimene satha kuwerenga? Chonsecho bungwe loyang'anira mankhwala a zaulimi la Pesticides Control Board ndi malo ofufuzira zaulimi zili pa Bvumbwe pompa, m'boma la Thyolo lomweli. Ndikanakonda alangizi akanatenga munda umodzi ku Mulanje, n'kupopera mizere ingapo mu February, alimi adzaone ndi maso awo chinanazi chakupsa mu August, pamene pamsika wa Limbuli chimasowa.