Dzina la m'mabulaketi si umboni

Kunena mosapsatira, dzina la gulu lotulutsa mafayilo lomwe limakhala m'mabulaketi kumayambiriro kwa fayilo ya anime silokwanira kuti mulembe gululo ku AniDB, webusaiti yosunga mndandanda wa anime ndi mafayilo ake. Aliyense angathe kudina F2, batani losinthira dzina la fayilo, n'kulemba dzina la gulu ngati SubsPlease pa fayilo yomwe waifinya yekha kuti ichepe.

Zilembo ndi manambala 8 akumapeto kwa dzina la fayilo ndi CRC32, nambala yowerengedwa kuchokera pa zomwe zili m'fayilomo. Ntchito yake ndi kukuuzani ngati fayilo yafika yathunthu, basi. Iwerengetseni ndi pulogalamu ngati RapidCRC. Ikasiyana ndi ya pa dzina, ndiye kuti fayilo yaonongeka potsitsa kapena wina waigwiragwira. Ikafanana musathamangire kuomba m'manja, chifukwa wofinya uja angathenso kuwerengetsa yake n'kuimata pa dzina. Yofunika kufananiza nayo ndi imene eni gululo analengeza okha, kaya pa webusaiti yawo, pa akaunti yawo ya Nyaa (webusaiti yogawirana mafayilo) kapena pa mndandanda wa bot yawo yogawa mafayilo pa macheza a IRC.

AniDB yokha siyang'ana dzina. Imazindikira fayilo ndi kukula kwake komanso hash ya ed2k, chizindikiro chapadera cha fayilo chomwe chimawerengedwa podula fayilo m'zigawo za mabayiti 9,728,000. Pulogalamu ya AVDump imakuchitirani zimenezi. Bayiti imodzi ikasintha, imeneyo ndi fayilo ina. Ndiye munthu akatsegula MKVToolNix, pulogalamu yosinthira mafayilo a MKV, n'kuwonjezera font imodzi yokha, chomwe chatuluka si cha gulu lija, ngakhale chithunzi ndi mawu zili chimodzimodzi. Ndipo v2, fayilo yokonzedwanso, ndi v2 pokhapokha gululo litatulutsa lokha.

Pomwe anthu amakanganirana kwambiri ndi pa funso loti ntchito ndi ya ndani. HorribleSubs, yomwe inatseka mu 2020, sinkamasulira. Inkangotenga kanema ndi mawu omasulira kale ku Crunchyroll ndi kwina. Komabe mafayilowo ndi a HorribleSubs, poti ndi iwo anawatulutsa. N'chimodzimodzi munthu akatenga kanema wa pa Blu-ray n'kuphatikiza ndi ma subtitle a gulu lina: fayilo ilembedwe pa wophatikizayo, omasulirawo atchulidwe m'ndemanga. Zimawawa, inde, makamaka kwa amene anachezera usiku akumasulira, koma malo olembapo gulu ku AniDB akufunsa za amene anatulutsa fayilo. Mutha kutsegula fayilo ya ma subtitle ya ASS mu pulogalamu ya Aegisub n'kuona gawo la Script Info, koma musalidalire kwambiri. Kawirikawiri limakhala lopanda kanthu, kapena lili ndi mayina otsalira a ntchito ina.

Magulu akale ndiye ovuta. Webusaiti yakale ya Nyaa.se inatseka mu 2017, mawebusaiti ambiri anafa kalekale. Yesani Wayback Machine, yomwe imasunga makope a mawebusaiti akale. Mukasowa chilengezo chawo, siyani fayiloyo yopanda gulu. Mukalemba mongoganizira, mapulogalamu osanja anime ngati Shoko amakopera dzina lolakwikalo kupita pa kompyuta ya aliyense amene ali ndi fayiloyo, pamene pempho (creq) loti likonzedwe likudikirabe kuti moderator alione.