Ma alawansi ndi maulendo a boma: Tanzania, Zambia ndi ife a kuno ku Salima

Chuma chikangovuta ku Capital Hill, dzina la Salima silichedwa kutchulidwa. Limabwera pamodzi ndi Mangochi, ndipo anthu amalankhula ngati nyanja ndiyo imameza ndalama za boma. Mu June 2022, kwacha itangochepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mlembi wamkulu mu ofesi ya mtsogoleri wa dziko ndi nduna zake, mayi Colleen Zamba, analetsa maunduna ndi nthambi za boma kuchititsa misonkhano m'maboma a m'mbali mwa nyanja. Ambiri m'tauni anaombera m'manja. Kuno ululu wake tinaumva msanga. Maloji a ku Senga Bay anayamba kupumitsa antchito, amayi operekera tomato ndi masamba kumakhitchini anabwerera ndi madengu odzadza, ogulitsa ziboliboli m'mbali mwa msewu anangokhala kuyang'ana phula, ngakhale anyamata a kabaza pa Kamuzu Road anaona kusintha. Patapita nthawi chiletsocho chinachotsedwa. Koma imani pa depoti lero mufunse aliyense kuti pa miyezi imeneyo boma linapulumutsa ndalama zingati, ndipo linagulira chiyani. Simupeza wokuyankhani.

Apa m'pamene pali dandaulo langa. Ife timadziwa kuletsa, koma kuwerengera poyera kumatikanika.

Amene tinakulira pafupi ndi maloji timadziwa mmene wekishopu imayendera. Lolemba m'mawa galimoto za nambala ya MG zimandanda pansi pa mitengo, madalaivala n'kuyamba kupukuta fumbi. Mu holo muli mabotolo a madzi, maswiti m'timbale, ndi pepala la mayina lomwe limayenda kuchoka tebulo ili kupita linalo. Pepalalo ndilo mwini msonkhano. Pali ena amafika nthawi ya tiyi wa 10 koloko, kusayina, kufunsa kuti "akawuntanti afika?", basi osaonekanso. Pa ndandanda masiku alembedwa asanu, koma Lachitatu madzulo nkhani zatha, anthu akugula chambo chokapatsa ana ku Lilongwe. Lachinayi ndi Lachisanu amalipidwa ndithu. Mafuta nawo amawerengedwa ngati aliyense anabwera pa galimoto yakeyake. Mabungwe akunja atayamba kulimbikira njira ya full board, yoti amalipira loji chakudya ndi malo ogona m'malo mopereka ndalama m'manja, tinaona misonkhano ina ikuchita kusowa anthu. Pamenepo aliyense anadziwa chimene chimawakokera ambiri kunyanja.

Sindikunena kuti onse ndi akuba, ayi. Ndaonapo anamwino ndi alangizi a zaulimi atakhala mpaka usiku akulemba zinthu zenizeni, ndipo ndikudziwa kuti kwa kalaliki wa malipiro ochepa, alawansi ya masiku atatu ndiyo fizi ya mwana. Chowawa n'chakuti amene amatenga zambiri si iyeyo. Mphunzitsi wa ku Khombedza kapena mlangizi wa zaumoyo wa ku Lifuwu amapatsidwa ya thiransipoti ndi nkhomaliro basi, mwinanso mochedwa, pomwe bwana amene wangotsegulira msonkhano n'kubwerera amalandira ya kugona. Ukadandaula amakuuza kuti mbuzi imadya pomwe aimangirira. Koma msipu umenewu ndi msonkho wathu, womwe timadula pa sopo, pa shuga ndi pa mayunitsi a foni.

Nkhaniyi ikabuka, amalonda athu opita ku Kyela ndi ku Kariakoo ku Tanzania sachedwa kunena kuti tikufunika Magufuli wathu. Ndikumvetsa chifukwa chake. John Magufuli atangolumbira kukhala mtsogoleri wa Tanzania mu November 2015 analetsa ogwira ntchito m'boma kupita kunja popanda chilolezo cha ku nyumba ya boma. Gulu lopita ku msonkhano wa Commonwealth analidula kuchoka pa anthu 50 kufika pa 4. Ndalama zambiri za phwando lotsegulira nyumba ya malamulo anazitumiza kukagula mabedi pa chipatala cha Muhimbili. Chikondwerero cha ufulu cha pa 9 December anachiimitsa, anthu n'kugwira matsache kusesa m'misewu chifukwa kunali kolera, ndipo ndalama zake, mashilingi 4 biliyoni, zinapita kokulitsa msewu wa pakati pa Morocco ndi Mwenge mu Dar es Salaam. Analamulanso kuti misonkhano ya boma izichitikira m'nyumba za boma, osati m'mahotela.

Taonani kusiyana kwake ndi chiletso chathu cha 2022. Iye ankati akadula, ankaloza chimene ndalamazo zagula: bedi ili, msewu uwu. Munthu wamba ankatha kupita kukaponda phulalo ndi phazi lake. Chimenechi ndimachiyamikira ndi mtima wonse, ndipo n'chimene atsogoleri athu sanatengereko pomwe ankatengera zoletsazo.

Koma okonda Magufuli amaiwala mbali ina, ndipo mbali imeneyo ndi yolemera. Mu 2016 boma lake linasiyitsa kuulutsa zokambirana za aphungu pa kanema nthawi yomwe zikuchitika. Nyuzipepala zina zinatsekedwa. Mu 2018 phungu wotsutsa, Zitto Kabwe, atawerenga lipoti la wolondoloza chuma cha boma, anafunsa za mashilingi 1.5 thililiyoni omwe sankaoneka bwino mmene anagwirira ntchito, ndipo boma linakana kuti panasowa kanthu. Wolondoloza chumayo, Pulofesa Mussa Assad, atanena pa wailesi kuti nyumba ya malamulo ndi yofooka pa ntchito yoyang'anira boma, aphungu motsogozedwa ndi sipikala Job Ndugai anagwirizana mu 2019 kuti sagwira naye ntchito. Pofika November chaka chomwecho anali atachotsedwa, ndipo mu 2022 khoti lalikulu linagamula kuti kuchotsedwa kwake kunali kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Ndiye kuti munthu yemwe ankawerengera anzake matikiti a ndege sankafuna kuti wina amuwerengere iyeyo. Atamwalira mu March 2021, ukali wa zoletsa zija unapita naye, poti unali wa munthu mmodzi.

Chimene ndimasirira kwenikweni ku Tanzania chinalipo iye asanabwere ndipo chilipobe. Chaka chilichonse kumapeto kwa March, wolondoloza chuma, yemwe kumeneko amangomuti CAG, amapereka lipoti lake kwa mtsogoleri wa dziko makamera akujambula, n'kuwerenga zikuluzikulu zake m'Chiswahili. Mu April limafika kwa aphungu. Sabata imeneyo nkhani yake imakhala m'mabasi ndi m'misika, chifukwa aliyense wamva m'chilankhulo chake kuti bungwe lakuti lataya zakuti. Mu March 2021 mayi Samia Suluhu Hassan, omwe analowa m'malo mwa Magufuli, atangolandira lipotilo anaimitsa ntchito mkulu wa bungwe loyang'anira madoko pomwepo. Mu 2023, zitamveka kuti invoisi ya ndege yonyamula katundu inakwera kuchoka pa madola 37 miliyoni kufika pa 86 miliyoni, mkulu wa nthambi ya ndege za boma anachotsedwa. Kuba sikunathe ku Tanzania, ndipo zolakwa zina zimabwerezedwa chaka ndi chaka m'malipoti omwewo. Komabe mlembi wamkulu wa unduna aliyense amadziwa kuti March akubwera, ndipo dzina la ofesi yake likhoza kumveka dziko lonse.

Ku Zambia, abale athu a kuseri kwa Mchinji, mphamvu yawo ili pa nthawi. Malamulo awo, monga anakonzedwera mu 2016, amati lipoti la wolondoloza chuma cha boma, Auditor General, lituluke pasanathe miyezi isanu ndi inayi chaka cha boma chitatha. Chaka chawo chimatha mu December, choncho pofika kumapeto kwa September lipoti limayembekezeka. Phindu lake n'loonekeratu: wosayina vawucha amakhala akadali pa mpando womwewo, malisiti asanadyedwe ndi chiswe. M'malipoti awo mumapezeka matenda athu omwewa, ndalama za ulendo zosabwezedwa malisiti, mafuta osadziwika kolowera, ma alawansi olipidwa mosatsata ndondomeko. Aphungu a komiti yoona za chuma akamafunsa akuluakulu a maunduna, anthu amamvera pa wailesi ndi kanema wa nyumba ya malamulo. Mu 2018 ndalama za mtukula pakhomo wawo zitasokonekera, Britain ndi mayiko ena anaimitsa thandizo, mtsogoleri wawo wa nthawiyo, Edgar Lungu, anachotsa nduna Emerine Kabanshi, ndipo mu 2021 khoti linagamula kuti ndunayo ikakhale kundende zaka ziwiri. Mu 2023 bungwe lawo lothana ndi katangale linanjata akuluakulu angapo a unduna wa zachuma powaganizira kuti ankalandira ma alawansi a ntchito zomwe sizinachitike. Kumangidwa si kupezeka wolakwa, koma nkhaniyo inaonetsa kuti matendawa amafika mpaka mu unduna wosunga thumba lenilenilo. Pa lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga, iwo anachedwa kuposa ife. Lawo linasayinidwa mu December 2023.

Za tsidya la nyanja, ku Mozambique, ndingonena mwachidule. Ngongole zobisika zokwana pafupifupi madola 2 biliyoni, zomwe zinatengedwa mu 2013 ndi 2014 n'kuululika mu 2016, sizinadutse pa pepala la mayina la wekishopu iliyonse. Zinasayinidwa mwakachetechete aphungu osadziwa. N'chifukwa chake sindifuna kuti tizingothamangitsa dalaivala ndi lisiti la mafuta, pomwe zikuluzikulu zikudutsa pamwamba.

Nanga ife? Zida tili nazo, ndipo pena timaposa anzathuwa. Ofesi ya Auditor General ili m'malamulo aakulu a dziko. Komiti ya aphungu yolondoloza ndalama za boma, ya PAC, ilipo ndipo imafunsa mafunso olasa. Lamulo lopatsa nzika mwayi wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Atolankhani athu amalemba mopanda mantha kuposa a mayiko ena oyandikana nafe. Tikafuna timathanso kuchita: Joyce Banda anagulitsa ndege ya mtsogoleri mu 2013, ndipo kafukufuku wa Cashgate, kubedwa kwa ndalama za boma kwa mu 2013, anaonetsa kuti pafupifupi K24 biliyoni inatuluka m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Mu 2021 kafukufuku wa K6.2 biliyoni ya Covid-19 anaulula ndalama zochuluka zomwe zinathera ku ma alawansi odwala akusowa mpweya m'zipatala, ndipo nduna ya zantchito, Ken Kandodo, inachotsedwa chifukwa cha ndalama zopitirira pang'ono K600,000 zomwe zinagwiritsidwa ntchito pa ulendo wa ku South Africa.

Koma taonani zomwe zinatsatira. Mtsogoleri wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anatuma wachiwiri wake, malemu Saulos Chilima, kuti aunike ndondomeko za ma alawansi, kagulidwe ka katundu ndi makontilakiti a ntchito m'boma. Lipoti linaperekedwa mu May 2021, koma silinatulutsidwe kuti eni ndalama aliwerenge. Ofesi ya Auditor General inakhala zaka zingapo kuyambira 2018 ili ndi wongogwirizira mpando, ndipo munthu wogwirizira salankhula momasuka. Malipoti ake nthawi zambiri amafika mochedwa, ali m'Chingerezi cha akawuntanti, masamba mazanamazana. Mu November 2023, kwacha itagwanso ndi 44 peresenti, kunabwera chiletso china: maulendo akunja ayime mpaka March, mafuta a akuluakulu adulidwe ndi theka. Zonsezi ndi zoletsa za pa nthawi ya moto. Moto ukazilala, pepala la mayina limayambanso kuyenda monga kale.

Ena anena kuti ndikuteteza maloji chifukwa ndine wa ku Salima. Sindibisa, ndimafuna misonkhano izibwera, chifukwa achibale anga amadyera momwemo. Koma msonkhano woona suopa kuwerengedwa. Ngati unduna wabwera ndi anthu makumi atatu kwa masiku atatu n'kulipira loji pa nthawi yake, Salima wapindula ndipo dziko lapindula. Wopweteka ndi uja wa pa pepala, womwe ndalama zake zimagawidwa m'maenvulopu ku Lilongwe komweko, kuno osagulako ngakhale usipa wa pa mbale. Eni maloji ambiri amalira ndi ngongole za boma zomwe zimatha miyezi osalipidwa, pomwe ma alawansi a msonkhano womwewo anatuluka tsiku loyamba. Chiletso chimalanga woperekera zakudya, koma wosayina masiku abodza amangosamutsira msonkhano wake ku Mponela kapena ku Dowa.

Ndikanakonda titatenga tsiku lodziwika la ku Tanzania, tiphatikize ndi malire a nthawi a ku Zambia, lipoti lizituluka mwezi womwewo chaka chilichonse ndipo zikuluzikulu zake ziziwerengedwa pa wailesi m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyawo. Pamwamba pa apo, unduna uliwonse uzitulutsa miyezi itatu iliyonse ndandanda wa maulendo ndi misonkhano yake: kunapita angati, masiku angati, loji inalandira zingati, m'manja munalowa zingati. Manambalawa ali kale mu IFMIS, makina a kompyuta omwe boma limalipirira ndalama zake, sipofunika kulemba ntchito munthu wina watsopano.

Ndipo sitiyenera kudikira Lilongwe. Khonsolo yathu ya Salima ili ndi bolodi la zidziwitso pomwe amamatapo za ma tenda a makontilakiti ndi za misonkho ya m'misika. Makhansala, mafumu ndi a makomiti a chitukuko a m'madera (ADC) angathe kupempha pa msonkhano wa khonsolo yonse kuti pa bolodi lomwelo pazimatidwanso ndalama zomwe zapita ku ma alawansi, mafuta ndi zakudya za pa misonkhano, pambali pa zomwe zapita ku mijigo ndi midadada ya sukulu. Akazengereza, lamulo la uthenga lija limalola nzika iliyonse kulemba kalata yofunsa, ndipo ofesi ikakana kuyankha, dandaulo limapita ku bungwe la Malawi Human Rights Commission.