Musamadumphe zolankhula za gogo wa chiwaya

Anzanga amene timasewera magemu kuno ku Joni, pali khalidwe lina limene likundiwawa ndipo lero ndilinena. Munthu wapeza gemu ya RPG, ija umasewera ngati ngwazi ya m'nkhani yaitali, imene anthu anakhalira pansi zaka zambiri kuti ailembe, koma akangokumana ndi munthu wamba wa m'mudzi amene wayamba kulankhula, chala chili kale pa batani, kudumpha, kudumpha, kudumpha. Iye akufuna akaphe chinjoka basi. Ukamufunsa kuti gogo uja amadandaula chiyani, akuti ma NPC, anthu a m'gemu amene wosewera sawayendetsa, ndi ongotayitsa nthawi. Ine ndikukana. Anthu ang'onoang'ono oseketsa aja ndi amene amalipatsa moyo dziko la m'gemu, ndipo wowadumpha wasewera theka la chinthu chimene anatayira ndalama zake.

Nthawi ndi yochepa, ndikudziwa. Munthu waweruka mochedwa ku Randburg kapena ku Sandton, waima pamzere ku Bree, wafika ku Rosettenville kutada, mawa alawiriranso. Ola limodzi limene wapeza akufuna aone lupanga likugwira ntchito. Komabe tandimverani.

Mu The Witcher 3, gemu ya CD Projekt Red ya ku Poland imene inatuluka mu 2015, mumayambira m'dera la White Orchard. Nkhondo yangodutsa kumene, asilikali a Nilfgaard alanda dera lonse, anthu apachikidwa m'mitengo, chilombo chouluka chikupha anthu, ndipo Geralt, ngwazi ya gemuyi, ali kalikiliki kusaka wokondedwa wake Yennefer. Pakati pa zonsezi, m'mbali mwa mtsinje, gogo wina waima panja pa kanyumba kokhoma akulira chiwaya chake. Anabwereka mlendo wina, mlendoyo sanabweze. Za mafumu amene akumenyana iye alibe nazo ntchito, za Yennefer sakuzidziwa. Waona mwamuna wa malupanga awiri kumsana ndipo chimene chamubwerera m'mutu n'chakuti uyu akhoza kuthyola chitseko. Mukalowa mumapeza mtembo, mapepala owauka ndi moto, ndi chiwaya chija chitakwechedwa mbee. Mlendo uja anali kazitape, anapala mwaye wa pachiwaya kuti apangire inki yolembera makalata. Mukamubwezera gogo chiwaya chake amakupatsani tizakudya pang'ono, nkhani yatha.

Poyamba umaseka. Mlenje wa zilombo woopedwa dziko lonse watumidwa kukatenga chiwaya! Koma taganizani, munthu wosauka nthawi ya nkhondo, chiwaya chimodzi chimenecho ndiye chuma chake. Olemba sanamupange gogoyu kukhala chitsiru. Nkhawa yake ndi yoona, kungoti yaima pafupi ndi nkhawa zikuluzikulu za ngwazi, ndiye kuseka kukuchokera pamenepo. Kwa ine muyeso wa munthu woseketsa wolembedwa bwino ndi umenewu: akhale ndi zake zimene zikumudya mutu, zoti ngakhale ngwazi ikanapanda kudutsa, iye akanakhalabe akuzidandaula.

N'chifukwa chake Adoring Fan wa mu Oblivion ya 2006 sandigwira mtima, ngakhale ndi wotchuka moti Bethesda, kampani yopanga gemuyi, inamubweretsanso mu Starfield mu 2023. Kamnyamata ka tsitsi lachikasu losongoka kamene kamayamba kukutsatirani mukapambana nkhondo zonse za mu Arena, bwalo lomenyanirana, n'kumakutamandani kulikonse. Tsiku loyamba umaseka ndithu. Likafika lachiwiri watopa nako, poti kalibe moyo wake, kanabadwira kuti kaziombera inu m'manja.

Skyrim ya 2011 inachita bwino kuposa pamenepo. Mu mzinda wa Whiterun muli Heimskr, wolalikira za mulungu wawo Talos kutsogolo kwa chiboliboli chake tsiku lonse, mawu pamwamba, anthu akungodutsa, ngati abale aja amalalikira pa renki m'mawa aliyense akuthamangira taxi. Muli Nazeem wodzimva uja, wokufunsa ngati umafikafika ku Cloud District, dera la akuluakulu, n'kudziyankha yekha kuti munthu ngati iwe sungafikeko. Osewera ambiri amadana naye mpaka kujambula mavidiyo akumupha. Ine ndimati chidani chimenecho ndi umboni woti analembedwa mwaluso, ndipo amene amadumpha zolankhula sadziwa n'komwe kuti mkazi wake Ahlam amamudandaulanso, amati bamboyu ntchito yake ndi kudziphatika kwa mfumu ya mzinda.

Ndiye pali alonda aja. Aliyense anamvapo za mlonda wonena kuti nayenso kale anali woyendayenda wosaka zoopsa ngati iwe, mpaka muvi unamulasa pabondo. Mawuwa anasanduka nthabwala ya pa intaneti chifukwa alonda a m'mizinda yonse amawanena, ngati kuti Skyrim yense analasidwa bondo limodzimodzi. Ndimaseka nawo. Koma ukakhala ku Johannesburg kwa kanthawi mawu amenewa amayamba kumveka mwina. Ndi angati mwa ife amene kumudzi anali aphunzitsi, amakaniko, osewera mpira odalirika, ena ali ndi mapepala a sukulu m'chikwama mpaka lero, koma pano akutchetcha kapinga, akulondera pageti, akutsuka mbale kuseri kwa resitilanti? Ukacheza nawo nkhaniyi amaikamba moseka. Mlonda wa pa geti la Whiterun amatero nayenso, amakuuza mwanthabwala kuti usamuone chonchi, anali munthu wa maloto.

Koma amene amandikhudza kwambiri ndi a Khajiit, anthu a maonekedwe a mphaka ochokera ku Elsweyr, dziko lofunda. Ku Skyrim amabwera ndi malonda. Magulu awo saloledwa kulowa m'mizinda chifukwa eni dziko amawaganizira kuti ndi akuba komanso ozembetsa katundu woletsedwa, choncho amamanga matenti kunja kwa mpanda. Mukatuluka pa geti la Whiterun mumamupeza Ri'saad atakhala pakhomo pa tenti akugulitsa. Amadandaula za kuzizira, ndipo potsanzikana amakufunira kuti njira yako ikakufikitse ku mchenga wofunda. Amwene, munthu wa ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay amene anagonapo m'chipinda cha malata kuno mu June, mawu amenewo safunika kumumasulira.

Mwa a Khajiit muli M'aiq wabodza, yemwe anayamba kuoneka mu Morrowind mu 2002 ndipo akupezekabe m'magemu otsatira. Amangoyendayenda m'thengo yekha, akamanena za iye mwini amadzitchula dzina, ndipo zambiri zimene amalankhula ndi njira ya opanga gemu yoyankhira madandaulo a osewera mwanthabwala. Amati bambo ake analinso M'aiq, agogo akenso chimodzimodzi. Ukamufunsitsa amakuuza kuti watopa, upite ukavutitse wina. Chimene ndimamukondera n'chakuti nthabwala ili m'manja mwake. Kalankhulidwe kake n'kachilendo, inde, koma iye ndi amene akukuseweretsa iwe ngwazi, ndipo ndi iye amene amatseka macheza.

Apa ndi pamene ndimasiyanitsa. Pali magemu ena, ngati mmene zililinso ndi masewero ena a pa TV, amene munthu woseketsa ndi woseketsa chifukwa choti lilime lake ndi lachilendo basi, kapena ndi wonenepa, kapena ndi wosauka. Zimenezo sindiseka nazo. Ife amene tinasekedwapo mu taxi chifukwa cholephera kuyankha Chizulu bwino tikudziwa mmene kuseka kwa mtundu umenewo kumapwetekera. Wolemba waulesi amaima pa lilime, pamene waluso amakupatsa chifukwa chomumvera munthuyo mpaka amalize.

Baldur's Gate ya BioWare ya 1998 inayesa osewera pa nkhani yomweyi mwachindunji. M'tauni ya Nashkel muli Noober, mnyamata amene amakukakamira ndi mafunso opanda mutu, kubwereza ndi kubwereza, moti ambiri amapsa mtima n'kumukantha. Pakati pa zobwebweta zakezo amaulula kuti anthu a m'tauniyo ankamugenda miyala chifukwa chotopetsa. Mukapirira osamupanga chipongwe mpaka mafunso ake athe, gemu imakupatsani mapointi okwezera mphamvu. Opanga anaika mphoto pa kuleza mtima ndi munthu amene mudzi wonse unamutaya. Ndi mu gemu yomweyo mmene tinadziwira Minsc ndi kanyama kake konga mbewa, Boo, ndipo anthu anawakonda moti kampani ya Larian inawabweretsanso mu Baldur's Gate 3 mu 2023, patatha zaka 25.

Chinanso chimene odumpha amataya ndi chisoni. Mu Final Fantasy VII ya 1997, Biggs, Wedge ndi Jessie ndi anthu apambali, amacheza, amaseketsa, makamaka Wedge wamtima wofewa uja. Kenako kampani ya Shinra imagwetsera denga lachitsulo pa Sector 7, dera la anthu osauka, ndipo atatuwa amathera pankhondo yoteteza chipilala chake. Ngati unkadumpha zolankhula zawo, pamenepo umangoona zitsulo zikugwa. Amene anakhala nawo pansi mu bala ya mnzawo Tifa n'kuseka nawo amaika kontrola pansi kaye.

Sindikunena kuti muziwerenga chikwangwani chilichonse kapena kulankhula ndi nkhuku iliyonse ya m'mudzi. Ena mwa anthu amenewa analembedwa mwamphwayi ndipo kuwadumpha si mlandu. Koma musanadine batani mupatseni munthu mizere iwiri itatu, mumve ngati ali ndi chake chimene chikumuvuta. Amene muli ndi The Witcher 3, musathamangire ku Velen, dera lotsatira, osakumana ndi gogo uja wa ku White Orchard. Tsatani mtsinje, mishoni yake sitenga ngakhale mphindi khumi. Mukamaliza mudzandiuze ngati munaseka kokha.