Lamba wa UFC si wopachika pakhoma

Lamlungu lapitali tinakangana ndi alamu anga mpaka tiyi anazizira m'makapu. Nkhani yake inali ya Jon Jones, katswiri wa UFC, kampani yokonza ndewu za m'khola zophatikiza nkhonya, mateche ndi kugwetsana. Alamu angawo mukanena zoipa za Jones amakwiya ngati mwatukwana m'bale wawo wa bere limodzi, ndiye nditanena kuti munthu ameneyu anakhalira lamba wa ungwazi wa heavyweight, gawo la olemera kwambiri, ngati nkhuku yofungatira mazira osaswa, anaimirira. Akuti, "Alamu, inu mudaponyapo chibakera n'komwe?" Sindinaponyepo. Koma tulo tanga ndimataya, chifukwa ndewu zikamachitikira ku Las Vegas kapena New York, kuno zimatipeza m'bandakucha, ndewu yaikulu n'kumayamba anzathu akusita zovala zopita nazo kutchalitchi. Munthu wodzuka nthawi ya afiti chonchi ali ndi ufulu wolankhulapo.

Maganizo anga ndi awa. Ngwazi imene ili bwinobwino m'thupi iziteteza lamba wake kawiri pachaka, ndipo iziteteza kwa amene ali patsogolo pamzere. Chaka chikatha osalowa m'khola, lamba atuluke m'nyumba mwake, kaya dzina lake ndi lalikulu bwanji.

Tiyeni tiwerenge za Jones yemweyo. Anatenga lamba wa heavyweight mu Malichi 2023 atakanyanga pakhosi Ciryl Gane m'raundi yoyamba. Kenako anang'ambika mnofu wa pachifuwa akukonzekera ndewu, ndipo apa palibe womunena, kuvulala sikuchita kuitanidwa. Pomudikira, mu Novembala 2023 akuluakulu a UFC anaika lamba wogwirizira, ndipo Tom Aspinall wa ku England anamutenga atagwetsa Sergei Pavlovich mu masekondi 69. Tonse timadziwa ntchito ya wogwirizira mpando: mwini wake akabwera, nkhani ithe pomwepo. Koma Jones atachira anasankha Stipe Miocic, bambo wa zaka 42 amene anali asanamenyepo chiyambire Malichi 2021. Tsabola wakale sawawa, ndipo tonse tinaona mmene Miocic anagonjera mu Novembala 2024 ku Madison Square Garden. Aspinall anachita kuteteza lamba wogwirizirawo mu Julayi 2024 ku Manchester, n'kumaliza Curtis Blaydes m'mphindi imodzi. Wogwirizira kumateteza ugwiriziri, abale, zinayamba zachitikapo kwanu? Aspinall anadikira mpaka Juni 2025 pamene Jones analengeza kuti wapuma, ndipo lamba weniweni anam'patsa popanda kuponya chibakera. Jones anakhala ndi lamba zaka ziwiri ndi miyezi itatu, kuteteza kamodzi.

Chimene chimandipweteka n'choti Jones yemweyu ndi amene anationetsa kuti zimatheka. Mu 2011, chaka chimene anachiyamba ali mnyamata wa zaka 23, anamenya kanayi: Ryan Bader mu Febuluwale, Shogun Rua mu Malichi pomwe anatenga lamba wa light heavyweight, Rampage Jackson mu Seputembala, ndi Lyoto Machida mu Disembala, amene anamufinya pakhosi ataimirira mpaka kugwa ngati thumba la chimanga. Jones ameneyo sinditsutsana naye. Alamu anga amateteza Jones wa 2011 pomwe ine ndikudandaula za Jones wa 2024, n'chifukwa chake sitimvana.

Conor McGregor ndiye anatsegula chitseko choipachi. Anagwetsa José Aldo mu masekondi 13 mu Disembala 2015, n'kutenga lamba wa featherweight. Mu Novembala 2016 anatenganso wa lightweight kwa Eddie Alvarez, n'kukwera pamwamba pa khola malamba awiri ali paphewa. Pa malamba awiriwo, palibe ngakhale mmodzi amene anateteza. Anapita kukamenya nkhonya ndi Floyd Mayweather mu Ogasiti 2017 n'kubwerako ndi ndalama zoti zidzukulu zake sizidzagwira khasu. Monga munthu, ndimamumvetsa. Ine nditapatsidwa mwayi umenewo sindingacheuke. Koma kuyambira pamenepo aliyense akangotenga lamba, thukuta lisanaume n'komwe, wayamba kale kuloza lamba wa gawo lina. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, kungoti kuno wogwa si pusiyo, ndi anyamata khumi amene ali pamzere akudikira, zaka zawo zamphamvu zikutha.

Yerekezani ndi Demetrious Johnson. Kamunthu kakang'ono ka flyweight, makilogalamu 57, kopanda pakamwa. Anatenga lamba mu 2012 n'kumuteteza maulendo 11 motsatizana mpaka Henry Cejudo anamulanda mu 2018. Ulendo wa 11 uja anamunyamula Ray Borg m'mwamba, n'kumugwira mkono asanafike pansi, chinthu choti mpaka lero ndikachionera ndimabweza kawiri kuti ndione pamene dzanja linalowera. Anderson Silva anateteza ka 10 pakati pa 2006 ndi 2013, Georges St-Pierre ka 9. Mukawerengetsa, onsewa ankazungulira pa kawiri pachaka, nthawi zina kuchepera pang'ono. Ndiye kawiri kamene ndikunenaka sindinakatole m'mutu mwanga. Ndipo St-Pierre atatopa mu Disembala 2013 anabweza lamba yekha kuti ena apitirize. Anabwezanso wa middleweight mu 2017 patangotha pafupifupi mwezi atamutenga kwa Michael Bisping, chifukwa cha matenda a m'matumbo. Ulemu wake ndi umenewo.

Tsopano ndivomereze pamene alamu anga anandigwira. Anati ngati ndimakonda ngwazi zomenya pafupipafupi, ndiwauze kumene zinathera. Apa ndinayamba ndamwa tiyi wozizira uja. Israel Adesanya, mwana wobadwira ku Lagos, anateteza lamba wa middleweight kasanu kuchokera 2020 mpaka 2022, ndipo sankakana munthu. Pofika Seputembala 2023 pamene Sean Strickland anamuthamangitsa maraundi onse asanu ku Sydney, ankaoneka ngati munthu amene walima munda wa eni dzinja lonse. Kamaru Usman anateteza katatu mu 2021 mokha, Gilbert Burns, Jorge Masvidal ndi Colby Covington, kenako mu Ogasiti 2022 Leon Edwards anamukomola ndi phazi kumutu kutatsala mphindi yosakwana imodzi. Alex Pereira anateteza katatu mu 2024, Epulo, Juni ndi Okutobala, n'kuluza kwa Magomed Ankalaev mu Malichi 2025 akuoneka wolemera miyendo, ngakhale anadzabweza chipongwe mu Okutobala chaka chomwecho.

Ndiye sindikunena kuti azimenya mwezi ndi mwezi. Ndewu ya lamba ndi maraundi asanu a mphindi zisanu zisanu. Isanafike, munthu amakhala pafupifupi miyezi iwiri akumenyedwa tsiku ndi tsiku pokonzekera, kenako sabata yomaliza amadzimana chakudya ndi madzi kuti akwane pasikelo. Mukaona nkhope zawo tsiku lokwera sikelo, masaya atalowa, milomo itauma, mumachita kumva chisoni. Akatuluka m'khola atathyoka fupa, madokotala amatha kumuletsa kumenya mpaka masiku 180. Katatu pachaka ndi kudya mbewu. Kawiri n'kotheka, ndipo Dricus du Plessis wa ku South Africa anayenda mayendedwe omwewo: kutenga lamba mu Januwale 2024, kuteteza kwa Adesanya mu Ogasiti, kwa Strickland mu Febuluwale 2025, n'kukumana ndi Khamzat Chimaev mu Ogasiti 2025, munthu amene ambiri ankamuzemba. Analuza koopsa, anagonekedwa pansi pafupifupi ndewu yonse, koma sanabisale kuseri kwa lamba.

Vuto lenileni lili apa, ndipo si la omenyawo okha. Ku nkhonya, ngakhale kuli chisokonezo chake, mabungwe monga WBC ndi IBF amasiyana ndi okonza ndewu, ndipo amalamula ngwazi kuti imenyane ndi wakutiwakuti. Tyson Fury atagonjetsa Wladimir Klitschko mu Novembala 2015, IBF inamulanda lamba pasanathe sabata ziwiri chifukwa sakanatha kukumana ndi amene bungwelo linalamula. Ku UFC mwini lamba ndi kampani, wokonza ndewu ndi kampani, wogulitsa matikiti ndi kampani yomweyo. Mfumu ndi yomweyo, mboni ndi yomweyo, wolandira chindapusa ndi yemweyo. Ukakhala wobweretsa ndalama, adzakudikira zaka ziwiri. Ukakhala wovuta pa nkhani ya malipiro, lamba wogwirizira amatulukira msanga. Francis Ngannou, amene anakulira kukumba mchenga ku Batié ku Cameroon, anatenga lamba mu Malichi 2021, ndipo pofika Ogasiti chaka chomwecho anali atamuikira kale wogwirizira. Miyezi isanu yokha. Anabwera mu Januwale 2022 bondo lili lovulala, n'kumugonjetsa Gane wogwirizirayo, kenako anachoka mu 2023 atalephera kugwirizana nawo. Muyezo umene anayezera Ngannou ndi umene anayezera Jones, kodi ndi sikelo imodzi?

Alamu anga pomaliza anati Khabib Nurmagomedov nayenso ankateteza kamodzi pachaka, 2018, 2019 ndi 2020, ndipo sindimunena. Zoona, ndipo ndikumunena tsopano: katatu n'kochepa kwa munthu amene ena amati ndi woposa onse. Chomwe ndingamuikire kumbuyo n'choti maulendo awiri mwa atatuwo anakumana ndi ogwirizira mpando, Dustin Poirier ndi Justin Gaethje, n'kuwagonjetsa onse, ndipo atafuna kupuma anavula magolovesi pomwepo m'khola ku Abu Dhabi, osasunga lamba m'kabati anthu akudikira panja.

Alamu anangoti ndine wansanje, n'kupempha kuti tiyi atenthetsedwenso. Inu amene mumadzuka nane m'bandakucha Lamlungu, ndiuzeni ngati ndalakwa powerengetsa.