Fizi si ngozi, ndipo lendi sabwera modzidzimutsa

Maganizo anga lero ali pa mawu amodzi amene timawanamizira kwambiri: "zadzidzidzi". Munthu akamakakongola ndalama amati zamugwera zadzidzidzi. Mukamufunsa kuti kwagwanji, amatchula fizi ya mwana, lendi, yunifomu, laisensi imene yatha, matayala amene aperepeseka. Abale anga, pamenepa chadzidzidzi n'chiti? Tsiku lotsegulira sukulu limadziwika kudakali miyezi. Mwininyumba tsiku lake sanasinthe. Tayala limatha mukuliona ndi maso. Zadzidzidzi zenizeni ndi matenda, maliro, kuberedwa, moto, kuchotsedwa ntchito. Zina zonsezi ndi ndalama zimene tinkadziwa kuti tidzalipira, kungoti sitinazilembe paliponse. Ntchito yaikulu ya bajeti ya pakhomo ili pamenepo: kuona ndalama zimenezi zisanafike, n'kuzigawa m'tizidutswa tating'ono toti thumba lingathe kupirira.

Tiwerengetse limodzi. Tinene kuti mumalandira 1,000 pamwezi, kaya ndi ndalama ya dziko liti. Fizi ndi 600 pa teremu, materemu atatu pachaka, yonse pamodzi 1,800. Mukaigawa pa miyezi 12, ndi 150 mwezi uliwonse. N'zowawa ndithu, koma n'zotheka. Tsopano taonani munthu amene sanapatule 150 ija. Sukulu ikatsegulira amathamangira kwa wakatapila n'kutenga 600 pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi. Akabweza patatha miyezi itatu, chiwongoladzanja chikumaberekanso chinzake, amapereka pafupifupi 1,037. Wataya 437 osagula nayo kanthu. Akachita zimenezi katatu pachaka wataya 1,311, kuposa malipiro a mwezi wathunthu. Ndiye kuti pachaka wagwirira wakatapila ntchito mwezi umodzi ndi masiku ena pamwamba, mwana n'kuphunzira sukulu yomweyo imene akanaphunzira.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi anthu amene amati, "Ndalama zanga n'zochepa, ndilembapo bajeti yanji?" Wolemera akalakwitsa masamu amangotapa ku akaunti ina, nkhani yatha. Wopeza zochepa akalakwitsa amalipira ndi chiwongoladzanja, kapena amagulitsa katundu wake pamtengo wolira. Amene kulakwitsa kumamudyera zambiri ndiye afunika kope ndi cholembera kuposa wina aliyense. Kunena zoona, bajeti siwonjezera malipiro, ndipo pali mabanja amene ngakhale atawerengetsa bwanji ndalama sizikwana. Komabe ngakhale pamenepo imakuuzani kuti mukuperewera ndi zingati, 80 kapena 300, ndipo mankhwala a ziwirizi ndi osiyana. 80 mungaipeze pochepetsa zina ndi zina. 300 ikufuna kusamukira m'nyumba yotsikirako mtengo kapena kupeza ntchito ina yapambali.

Pamene ambiri amagwera ndi poyambira penipeni. Amakhala pansi pa 1 mwezi n'kulemba zimene akulakalaka: chakudya 250, thiransipoti 80, kusunga 200. Manambala amenewa achokera m'mutu. Pofika pa 12 ndalama ya chakudya yatha, munthu n'kunena kuti bajeti sigwira ntchito, kope n'kuliponya kuseri kwa kabati. Mwezi woyamba musalembe bajeti ayi. Muzingolemba chilichonse chimene chatuluka m'thumba, kwa masiku 30, osasintha kagulidwe kanu ngakhale pang'ono. Mizere itatu yakwana: tsiku, chimene mwagula, ndalama yake. Lembani madzulo a tsiku lomwelo, chifukwa zikagona masiku awiri tating'onoting'ono timaiwalika, pamene tating'ono tomweto ndi timene mukusaka. Malisiti sungani. Mauthenga a kubanki ndi a ndalama za pafoni musafufute, ndi mboni zanu. Ndalama imene amadula mukamatapa kapena kutumiza nayonso ilembedwe pamzere wakewake. Ambiri saiwerengera n'komwe, ndipo kutapa pang'onopang'ono kambirimbiri kawirikawiri kumadula kuposa kutapa kamodzi.

Pakutha pa mwezi phatikizani, kenako yerekezani ndi zimene munalandira. Padzakhala kusiyana, ndalama yoti simukudziwa kumene inalowera. Musaibise. Ilembeni kuti "yosadziwika". Ikapitirira 10 pa 100 iliyonse ya malipiro anu, bwerezaninso mwezi wina kulemba, chifukwa bajeti yomangidwa pamenepo idzadontha.

Tinthu ta tsiku ndi tsiku tili ndi masamu ake oipa. Kanthu ka 5 patsiku, kaya ndi mayunitsi a foni, kaya chakumwa, kaya kubetcha pa mpira, ndi 150 pamwezi, 1,825 pachaka. Yang'ananinso pamwambapa: imeneyo ndi fizi ya chaka chonse ija. Sindikunena kuti munthu asamasangalale ndi thukuta lake. Bajeti yopanda kagawo kodzisangalatsa imafa msanga, ngati mmene amachitira munthu wodzimana chakudya mopitirira muyeso, amene tsiku lina amadzadya za sabata yonse. Chimene ndikunena n'choti musankhe muli maso, mukudziwa mtengo wake wa pachaka. Paja ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Palinso msampha wa masabata. Mwezi ulibe masabata anayi. Chaka chili ndi masabata 52, mukagawa pa 12 mupeza 4.33. Amene amawononga 100 pa sabata pa thiransipoti n'kulemba 400 pamwezi, wadzinamiza ndi 33 mwezi uliwonse, 400 pachaka. Chilichonse chimene mumalipira pa sabata, chulukitsani ndi 52 kenako mugawe ndi 12.

Mukakhala ndi manambala enieni, agaweni m'magulu. Loyamba ndi zimene zimabwera mwezi ndi mwezi pamtengo wodziwika: lendi, kubweza ngongole, wantchito ngati alipo. Lachiwiri ndi zobwera mwezi uliwonse koma mtengo wake umasinthasintha: chakudya, magetsi, madzi, thiransipoti, sopo. Magulu awiriwa aliyense amawakumbukira. Lachitatu ndi limene limagwetsa mabanja, ndipo ndikupemphani kuti mulipatse madzulo athunthu. Tengani kalendala, yendani mwezi ndi mwezi kuyambira Januwale mpaka Disembala, mukudzifunsa kuti chaka chatha mwezi umenewu tinalipira chiyani chimene sichibwera mwezi uliwonse. Fizi, mabuku, nsapato za ana (phazi la mwana silidikira malipiro), inshuwalansi, laisensi, kukonzetsa galimoto kapena njinga, kukonza denga, zikondwerero za kumapeto kwa chaka, maulendo okaona makolo, maukwati amene mwaitanidwa kale. Onjezani zinthu zimene zimatha pang'onopang'ono. Foni ya 720 imene imakhala zaka zitatu ikukudyerani 20 mwezi uliwonse, kaya mukuilemba kaya ayi. Phatikizani zonse, gawani ndi 12. Nambala imene yatulukayo ndi bilu ya mwezi ndi mwezi yofanana ndi lendi, ndipo iyenera kuchoka tsiku lolandira malipiro, kupita kumalo kumene dzanja silifika msanga. Ngati fizi ikufunika pakatha miyezi iwiri yokha, chaka choyamba fizi ya teremu imeneyo mudzaigawa ndi 2 osati 12. Chaka choyamba ndicho chopweteka. Chachiwiri chimapepuka.

Mwina munamvapo za lamulo la 50/30/20: theka la malipiro ku zofunika, 30 peresenti ku zokhumba, 20 peresenti kusunga ndi kubweza ngongole. Amene analitchukitsa ndi Elizabeth Warren ndi mwana wake Amelia Warren Tyagi mu 2005, polembera mabanja a ku America. Ngati chongoyezera ndi labwino, koma musalitenge ngati lemba. Kwa wopeza zochepa, lendi ndi chakudya zokha zimatha kumeza 80 pa 100 iliyonse, ndiye munthu akaona kuti sakufika pa 20 amangogwa ulesi n'kusiya zonse. Njira imene ndimaiona yothandiza ndi yoti ndalama iliyonse ipatsidwe ntchito mwezi usanayambe, mpaka zolowa kuchotsera zotuluka yankho likhale 0. Kusunga nakonso ndi ntchito, kumalembedwa pamzere wake ngati magetsi. Ndalama imene yangokhala yopanda dzina ndi imene imathawa, chifukwa aliyense m'nyumba amaiona ngati yotsala.

Pa chakudya ndi thiransipoti, maenvulopu amagwirabe ntchito. Ndalama ya mwezi igaweni m'maenvulopu a sabata ndi sabata. Ya sabata ino ikatha, yatha, simutsegula ya sabata yamawa. Ubwino wake ndi woti mukaphonya mumadziwa Lachinayi la sabata yoyamba, nthawi yokonza idakalipo, osati pa 20 mwezi. Richard Thaler, amene analandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2017, anafotokoza bwino khalidwe limeneli: anthufe ndalama timaziika m'matumba osiyanasiyana m'maganizo, ndipo ndalama yokhala ndi dzina timaiopa kuigwira. Khalidwe lomweli limatipusitsanso. Bonasi kapena ndalama imene wina watibwezera timaiona ngati yotola, n'kuimwaza tsiku limodzi, chonsecho ndi ndalama ngati ina iliyonse. Gwirizanani zisanabwere kuti ndalama yotere ikadzafika idzapita kuti.

Nanga amene salandira pamwezi, monga ochita geni, amisiri, alimi, aganyu? Amenewa ndiye asayerekeze kumanga bajeti pa mwezi wabwino. Yang'anani miyezi 12 yapitayi, sankhani itatu imene munapeza zochepa kwambiri, phatikizani n'kugawa ndi 3. Amenewo ndiwo malipiro anu. Ndalama zonse zolowa zizifikira malo amodzi, inu n'kumadzilipira nambala imeneyo mwezi uliwonse, zotsala zizidikira miyezi yowuma. Amene amalandira kamodzi pachaka akagulitsa zokolola, ayambe wachotsa za zipangizo za nyengo yotsatira, zotsalazo agawe ndi 12. Ndipo thumba la bizinesi lisakhale thumba la pakhomo. Mabizinesi ang'onoang'ono ambiri amafa makasitomala alipo, chifukwa mwini wake amaona ndalama zonse zimene wagulitsa ngati phindu. Mwagula katundu wa 800, mwagulitsa 1,000, yanu ndi 200 basi, ndipo thiransipoti sinachokemo. Mukatapa 300 ya pakhomo mwayamba kudya mpamba, ndipo ulendo wotsatira mukaoda katundu wochepa.

Za zadzidzidzi zenizeni zija, alangizi a zachuma amakonda kunena kuti musunge ndalama yokwanira miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Cholinga n'chabwino, koma chimaopseza. Ngati zofunika zanu ndi 800 pamwezi ndipo mukutha kusunga 50, mwezi umodzi wokha mudzaukwanitsa patatha miyezi 16. Yambani ndi cholinga cha sabata imodzi, kenako mwezi. Ngakhale kochepako kamakulepheretsani kupita kwa wakatapila mwana akadwala usiku. Thumba limeneli lisasakanikirane ndi la fizi lija, apo ayi mudzadya fizi n'kumati munali pa ngozi.

Ngati muli kale m'ngongole zingapo, zilembeni zonse: mwini wake, yotsala, chiwongoladzanja, tsiku lobweza. Samalani poyerekeza, chifukwa wina amatchula chiwongoladzanja cha pamwezi, wina cha pachaka. 10 peresenti pamwezi imamveka yaing'ono kuposa 30 peresenti pachaka, koma 100 yosabwezedwa pa 10 peresenti pamwezi imafika 314 pakutha pa chaka, pamene inayo imafika 130. Lipirani kochepa kofunika pa ngongole iliyonse, ndipo yotsala yonse iponyeni pa imene ili ndi chiwongoladzanja chachikulu.

Bajeti ya pabanja yolemba munthu mmodzi ndi chikalata chabe. Bambo akabisa malipiro, mayi akabisa ngongole, manambala onse ndi abodza. Khalani pansi awiri kamodzi pamwezi, mphindi 30 zakwana, tsiku loti simunakangane. Aliyense akhale ndi kandalama kake koti safunsidwa kuti wagula chiyani, ngakhale kachepe bwanji. Popanda kameneka, kope lija limasanduka wapolisi ndipo wina amayamba kunama. Thandizo la achibale nalonso lilembedwe ndi nambala yake. Kuthandiza abale n'koyenera, koma kukakhala kopanda malire kumadya lendi, kenako nkhani imasanduka yoti "abale ako ndiwo akutimaliza". Nambala ikagwirizanidwa, kuyankha wopempha kumaphweka: ya mwezi uno yapita kale, tionane mwezi wamawa.

Kope limeneli limakalamba msanga mitengo ya zinthu ikamakwera. Pali kasamu kachidule: gawani 72 ndi peresenti ya kukwera kwa mitengo pachaka, mupeza zaka zimene mitengo idzawirikize kawiri. Pa 6 peresenti ndi zaka 12, pa 24 peresenti ndi zaka zitatu zokha. Choncho miyezi itatu iliyonse bwererani ku mzere wa chakudya, thiransipoti ndi magetsi, muike mitengo ya lero. Pa gulu lachitatu lija musagwiritse ntchito mtengo wa chaka chatha mmene ulili, onjezani peresenti imene zinthu zakwera musanagawe ndi 12. Mzere umodzi ukamapitirira miyezi itatu yotsatizana, vuto lili pa nambala imene munalemba. Ikwezeni, kenako mupeze mzere wina woti muchotseko ndalama yofanana nayo.