Wawina gemu ya pafoni, sunalowe ufumu

Ndakhala ndikudzigwira kuyambira Loweruka, koma ayi, lero ndiyankhula basi. Wokhumudwa akhumudwe.

Amene muli pagulupu yathu ija ya eFootball, gemu ya mpira ya pafoni, mukudziwa kale zomwe zinachitika. Amene mulibepo, nkhani yake ndi iyi. Tili ndi kaligi kathu ka pafoni kuno ku Mangochi. Ambiri ndife a pa boma pano, ena ali ku Monkey Bay, ena ku Namwera, wina ali mpaka ku Makanjira. Timasonkha kangachepe, mmodzi amatsegula room n'kutumiza nambala, awiri n'kumenyana, gemu ikatha screenshot pagulupu, adimini n'kulemba mapointi. Zophweka. Loweruka usiku inali semi fainolo. Mnyamata wina, zaka 20 sanakwanitse n'komwe, anakumana ndi achimwene ena aakulu, omwe anayambitsa nawo gulupu imeneyi tili anthu ochepa. Mnyamatayo anawina 4-1. Anasewera bwino, pamenepo sindikutsutsa. Koma gemu itangotha, m'malo molemba kuti achimwene mwasewera, anaponya voice note ya mphindi ziwiri. Mphindi ziwiri zathunthu! Akuti madala akapume. Akuti zala zawo zauma ngati usipa wa pathandala. Akuti foniyo aipereke kwa ana azioneramo makatuni. Mpaka pamenepo mwina tikanati ndi nthabwala zopyola muyeso. Koma anapitiriza, n'kulowetsamo akazi awo, mayi woti sanagwirepo gemu imeneyi chibadwire.

Achimwenewo sanayankhe kanthu. Anangotuluka pagulupu. Pofika Lamlungu masana ena asanu anali atawatsatira. Adimini anamuimbira mnyamata uja kuti apepese, ndipo yankho lake linali lakuti: ndipepese chiyani, ndawina ine.

Ndawina ine. Mawu amenewa ndi amene andisowetsa tulo.

Mphwanga, wawina chiyani kwenikweni? Gemu. Ya pafoni. Messi amene wakuchinyirayo ndi chithunzi, sakukudziwa. A Konami ku Japan, eni ake gemuyi, sakudziwa kuti kuno kumtunda kwa Malombe kuli katswiri. Chisinthireni dzina kuchoka ku PES mu 2021 gemu imeneyi ndi yaulere, aliyense amene ali ndi foni yabwinoko ndi bandulo amaitsitsa n'kusewera, ndipo usiku womwewo iwe ukudzitama kunali ana osawerengeka padziko lonse amene anawinanso 4-1 n'kukagona mwakachetechete. Wawina gemu. Sunalowe ufumu, sunakhale bambo wa munthu, sunapatsidwe chilolezo chotukwana.

Ena akuti ndi ubwana, ena akuti ndi ulova, wina anati kutentha kwa Okutobala kumasokoneza mitu. Zimenezo zanu. Ine ndikuti apepese.

Pepani. Zilembo 6 zokha. Munthu amene anapeza mpweya wa mphindi ziwiri wonyozera wamkulu akulephera kulemba zilembo 6. Zala zomwe zija zimathamanga pa sikirini ngati njinga yamoto, lero zauma pa liwu limodzi. Ndiye zouma ngati usipa ndi za ndani?

Musandimve molakwa, sindikuti tizisewera ngati tili pamaliro. Kusekana kulipo ndipo ndi kumene kumakometsa mpira. Ineyo ndikaluza ndimadziwa kuti mawa lake sindipuma, ma sticker amagwa ngati mvula, ndipo ndimaseka nawo. Pitani mukaone madala a bawo pansi pa mtengo pafupi ndi msika. Maenje 32, njere 64, ndipo pakamwa pawo pamatuluka moto. Wina akamadya njere za mnzake amachita kuimba, oonerera n'kumawombera m'manja, wodyedwayo thukuta kamukamu. Amasekana koopsa anthu aja, kuposa ife. Koma khalani pamenepo tsiku lonse, simudzamva wina akutchula mkazi wa mnzake. Woluza amadzuka, n'kukhala pambali, n'kuyamba kulangiza yemwe walowa m'malo mwake. Wowina amabwezera njere m'maenje ndi manja ake, n'kudikira wotsatira, podziwa kuti dzuwa lisanalowe nayenso adzuka pampandopo. Wina akapsa mtima zenizeni, amamulekerera kaye azizire, kenako wamkulu mmodzi amawaitanira pambali awiriwo, mawa lake uwapeza akugawana chinangwa chootcha pabawo pomwepo. Madala amenewa ena sanapite patali ndi sukulu, koma chimene iwe chikukukanika iwo amachidziwa: mnzako wosewera naye ndi amene amapangitsa kuti pakhale masewero. Ukamuthamangitsa usewera ndi ndani? Ndi kompyuta?

Kusiyana kwake n'kwakuti pabawo nkhope ya munthu umaiona. Pafoni suiona, ndiye pakamwa pamakula. Koma mphwanga, Mangochi ndi yaying'ono. Munthu amene wamutukwana usiku udzakumana naye pa mlatho wa Bakili Muluzi iwe uli pa kabaza. Udzakhala naye mpando umodzi mu minibasi ya ku Monkey Bay. Lachisanu mudzaima mzere umodzi kumzikiti, kapena mudzapezana kumaliro mukulandirana khasu. Tsiku limenelo zigoli zinayi zija zidzakuthandiza chiyani? Udzaonetsa screenshot?

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Akuluakulu ananena, ine sindiwonjezerapo.

Iwe mu 2010 unali kamwana, ndiye ndikuuze. Januwale chaka chimenecho Flames ya Kinnah Phiri inathira Algeria 3-0 ku Luanda, pa Africa Cup of Nations. Dziko lonse linapenga, ife kuno tinathamanga mumsewu mpaka mawu kutha. Kenako Angola inatichinya 2-0, Mali 3-1, tinabwerako tili pansi pa gulu lathu. Algeria yomwe tinkaiseka ija inakafika mu semi fainolo, ndipo chaka chomwecho inakasewera World Cup ku South Africa ife tikuonera pa TV. Umenewo ndi mpira weniweni, wa anthu a miyendo, ndipo umatembenuka chonchi. Nanga wa pafoni, woti netiweki ikangogwedezeka pang'ono goloboyi wako amaima ngati chipilala?

Ndipo poti ndatchula netiweki. Iwe umasewerera pa boma. Achimwene aja tsiku limenelo anali kumudzi kutsidya, cha ku Malindi, akusakasaka poima kuti gemu isaduke. Timu yako yadzaza makadi ogula ndi ma coin, yawo ndi yotolera pang'onopang'ono. Sindikunena izi kuti ndikulande chipambano. Ngakhale ukanawina 10-0, netiweki yofanana, timu zofanana, mawu anga akanakhala omwewa. Kuwina sikukupatsa ufulu wonyoza. Upepese.

Ineyo si mngelo ayi. Chaka chatha ndinkatsogola 2-1 ndi mnyamata wa ku Namwera, gemu n'kuduka kutatsala pang'ono kuti ithe. Ndinapsa mtima, ndinalemba pagulupu kuti wazimitsa data dala, ndi wakuba. Anthu anandiombera m'manja. Mawa lake ndinamva kuti kwawoko magetsi anali atazima kuyambira masana, foni inangomuthera moto m'manja. Manyazi ake! Ndinamuimbira, ndinapepesa, kenako ndinakalembanso pagulupu pomwe ndinamunyozera paja kuti ndinalakwa ndine. Tinabwereza gemu, anandichinya. Sindinafe. Mpaka lero ndi amene amandiuza kukatuluka update. Ndiye ndikamati kupepesa sikupha ndikunena chinthu choti ndinalawa.

Ndipo kupepesa kwake kusakhale kwa ndale kuja, kwakuti ngati pali amene anakhumudwa andikhululukire. Ngati? Munthu watuluka pagulupu yomwe anayambitsa yekha, iwe ukuti ngati? Uwaimbire. Akapanda kuyankha, utenge wamkulu mmodzi mupite kwawo, kwawo ukukudziwa, unkapitako kukatchaja foni. Unene kuti achimwene ndinalakwa, alamu ndinawatchula popanda chifukwa, pepani. Ukatero ubwere pagulupu, pomwe unatukwanira pomwepo, unenenso. Unanyoza pagulu, usakapepesere kuseri.

Amene mukuti adimini angomuchotsa, nanunso ayi. Kumuchotsa n'kumuthandiza kuthawa. Adzapita gulupu ina akudzitcha katswiri amene anamuchotsa chifukwa cha nsanje, ndipo pakamwa pake padzakula kuposa pano. Ine sindikufuna achoke. Mwanayu mpira amautha, ndipo ndikufuna ndidzamuchinye ndekha tsiku lina. Ndikufuna apepese, achimwene abwerere, asanu aja abwerere, fainolo iseweredwe. Pano fainolo yaima, ndalama zili kwa adimini, aliyense akungoyang'ana foni, zonsezi chifukwa munthu mmodzi khosi lauma pa zilembo 6.

Komanso inu. Inde inuyo amene munaika tinkhope toseka pansi pa voice note ija. Ndinawerenga, ndipo mayina ndikuwadziwa. Ena mwa inu ndinu akuluakulu, a ndevu, ana anu ali ku sekondale. Mwana akutukwana mkazi wa mnzanu inu mukuseka mpaka misozi, wina n'kuitumizanso ku gulupu ya anyamata a kabaza kuti nawo amve. Lero ndinu omwe mukulemba kuti ana a masiku ano alibe mwambo. Mwambo wake uti, poti munamuombera m'manja ndinu? Pamene zinkachitika palibe ndi mmodzi yemwe amene analemba kuti iwe, basi, zakwana. Nane ndinali pa intaneti nthawi imeneyo, ndinamvera, ndinangoti kukamwa yasa, sindinalembe kanthu. Chimenechonso chikundiwawa.

Ndipo poti tayamba kuyankhula, tiyankhuliretu. Pali anthu pagulupu pano amene chiyambireni ligi ino sanasonkhepo ngakhale kamodzi, koma pa nkhani ya mphoto ndi amene amayamba kufunsa kuti zakwana zingati. Mukapangana gemu 8 koloko amabwera 11, iwe bandulo ya tsiku ikutha, maso akuwawa, kenako akuti anali kunyanja. Tsiku lililonse kunyanja? Ngakhale mwera ukuwomba, asodzi enieni ngalawa zili pamtunda, inu muli kunyanja? Ndipo wina uja amene anabwereka chaja yanga mwezi wa Ogasiti, ndikuifuna.